Matumba 40 omwe anali ndi eni ake: lipoti la momwe tinayesera mawu ofotokoza zida za ejenti wa AI

Lachiwiri lina m'mawa mu Novembala, mitambo itayamba kuda cha ku Thyolo, bwana mwini holoselo anandiimbira foni. Sanapereke ndi moni womwe. "Achimwene, makina anu aja ayamba bodza." Mwini golosale wina wa ku Thondwe anafunsa pa WhatsApp ngati feteleza wa NPK alipo matumba 40, anayankhidwa kuti alipo, anachita hayala lole, koma atafika ku Limbe anapeza kuti matumbawo alipodi m'nyumba yosungira katundu, kungoti onse ali ndi eni ake. Kalabu ina ya alimi inali itasungitsa kale n'kulipira theka. Munthuyo anabwerera ndi lole yopanda kanthu, ndalama ya hayala itapita.

Holoseloyi imagulitsa zipangizo zaulimi ndipo ili ndi nthambi ziwiri kunja kwa Limbe. Pa nambala yake ya WhatsApp pamayankha wothandiza wa AI, amene pa ntchito yathu timamutcha ejenti. Mayi amene amasunga sitoko atamva mawuwa koyamba anayesa ndikunena mnyamata wa pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba kunja kwa geti. Kufanana kulipo ndithu: onse awiri amagwira ntchito m'malo mwa wina, pogwiritsa ntchito zida zimene wapatsidwa. Ejenti wathu anali ndi zida 9: chofufuzira katundu, ziwiri zoonera sitoko, choonera mtengo, chotsegulira oda, chosungitsira katundu, chofafanizira oda, choonera oda, ndi cholembera malipiro. Zonsezo ndinalemba ndine miyezi ingapo m'mbuyomo, choncho lipotili ndi la kufufuza ntchito ya manja anga omwe.

Zimene modelo imaona

Kuyambira pomwe kampani ya OpenAI inatulutsa function calling, njira yoti AI iziitana zida, mu Juni 2023, kudzafika pa Model Context Protocol, MCP mwachidule, njira yolumikizira zida ku AI yomwe kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, kaperekedwe ka chida kwa modelo, yomwe ndi pulogalamu ya AI imene imawerenga ndi kuyankha mkati mwa ejenti, kakhala kofanana. Modelo imalandira zinthu zitatu: dzina la chida, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi schema ya JSON, yomwe ili ngati fomu yonena malo oti adzazidwe. Code ya chidacho, ndiko kuti malamulo a pulogalamu omwe amachiyendetsa, siiona. Database, buku la pa kompyuta losunga katundu, maoda ndi malipiro, siiona. Sidziwa kuti nthambi ina imatseka Loweruka masana, kapena kuti mwini holoselo salola ngongole kwa ogula atsopano, pokhapokha wina atalemba zimenezo penapake pomwe iyo ingawerenge.

Modelo ili ngati munthu wa ganyu amene wafika m'mawa womwewo, wanzeru ndithu, wodziwa kuwerenga ndi kuwerengera, koma wapatsidwa mtolo wa makiyi ndi tizikwangwani tomata pa zitseko. Chikwangwani chikanena kuti "sitoko", iye atsegula pomwepo. Vuto la wa ganyu ameneyu n'loti safunsafunsa. Akaona mawu osamveka bwino amangoganizira tanthauzo lomwe likuoneka loyenera, n'kupitiriza ntchito ndi nkhope yotsimikiza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pano wodya phulayo anali wogula wa ku Thondwe.

Kuyesa koyamba, komwe kunandinamiza

Ndinayamba ndi njira yosavuta. Ndinalemba mafunso asanu ndi limodzi: kodi mawuwo akunena chomwe chida chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, nthawi yosachigwiritsa ntchito, tanthauzo la malo aliwonse odzaza, chomwe chimabweza, ndi malire ake? Kenako ndinapereka mawu a zida zonse 9 kwa modelo ina kuti ichonge, kuchokera pa 1 mpaka 5.

Ina mwa ntchitoyi inathandiza. Mawu a chida chotsegulira oda anali awiri okha, "Creates order", ndipo wochongayo anawagwetsa moyenera. Malangizo a Anthropic amati mawu ofotokoza chida asachepere ziganizo zitatu kapena zinayi, ndipo anga ambiri sankafika ndi chimodzi chathunthu. Ndinawatalikitsa, ndinachongetsanso, malikisi anakwera, mtima unakhala pansi.

Chida chomwe chinabweza lole yopanda kanthu chija, `get_stock`, chinalandira 5. Mawu ake anali osalala: chimabweza kuchuluka kwa katundu amene ali "available" pa nthambi yotchulidwa. Ndinatsegula code yake kuti ndingotsimikiza, n'kupeza kuti chimawerenga matumba onse omwe ali pansi m'nyumba yosungira, osachotsera osungitsidwa. Mawu akuti "available" anali bodza, bodza lolembedwa bwino, ndipo wochonga wanga analibe njira yolidziwira chifukwa nayenso ankangoona chikwangwani, osati chomwe chili kuseri kwa chitseko. Ejenti sananame. Anabwereza chomwe ine ndinamuuza.

Kuyambira pamenepo malikisi a wochongayo ndinangowasiya ngati sefa yogwirira mawu aafupi kwambiri, basi.

Kuika mawu pambali pa code

Ndinatenga chida chimodzichimodzi, mawu ake kumanzere kwa sikirini, code kumanja, n'kuchiitana ndi manja kuti ndione chomwe chikutuluka. Ntchito yotopetsa, ya tsiku lathunthu, koma ndi yomwe inavumbulutsa zambiri.

Chida cholembera malipiro chinali ndi malo otchedwa `amount`, opanda mawu ena aliwonse. Database yathu imasunga ndalama mu matambala, monga amachitira ambiri opewa madesimo, ndipo kwacha imodzi ndi matambala 100. Ine ndinkadziwa zimenezi mpaka kuiwala kuti n'zofunika kuzinena. Ejenti akamva kuti wogula watumiza K150,000 ankalemba 150000, ndipo m'buku munkalowa K1,500. Mayi wa sitoko anali atakonza kale zolakwika zingapo zotere ndi manja, akuganiza kuti ndi mnyamata wa pa kauntala amene akusokoneza. Mnyamatayo anakalipiridwa pa mlandu wa mawu amodzi omwe ine sindinalembe, ndipo ndinapita kukamupepesa.

Chida chofufuzira katundu chinkabweza zinthu 10 zoyamba zokha, osanena kuti pali zina zotsala, moti ejenti ankauza anthu kuti mitundu ya mbewu ya chimanga ndi yokhayo. Nthawi ya oda iliyonse inkasungidwa mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, yomwe imatsalira ndi maola awiri pa nthawi ya kuno, choncho oda yobwera 1 koloko usiku inkaoneka ngati ya dzulo lake. Izi ndinakonza msanga.

Mafunso enieni a anthu enieni

Mawu oona si kuti ndi omveka. Pofuna kudziwa ngati ejenti akumva zomwe ndalemba, panafunika kumuona akugwira ntchito. Mayeso odziwika ngati Berkeley Function Calling Leaderboard, oyesa momwe modelo zimagwiritsira ntchito zida, amathandiza posankha modelo, koma mulibe munthu wolemba kuti "bwanji wokulitsa pano", ndiye ndinayenera kupanga anga.

Ndinatenga mauthenga 80 m'mbiri ya WhatsApp ya holoseloyo, ndinafafaniza mayina ndi manambala a foni, n'kukhala pansi ndi mayi wa sitoko. Pa uthenga uliwonse ndinkawafunsa kuti, "Mayi, mukanakhala inu mukanatani?" Iwo ndi amene ankapereka yankho lolondola, osati ine. Pa mauthenga ena ankati, "Apa sindikanagwira buku, ndikanamufunsa kaye." Amenewo ndinawasunga mosamala, chifukwa kusagwira chida chilichonse nakonso ndi yankho, ndipo ejenti ambiri amagwera pomwepo. Mauthenga 20 ndinawaika padera, osawayang'ananso pokonza mawu, kuti pomaliza ndidzadziwe ngati ndakonzadi vuto kapena ndangoloweza mayeso.

Uthenga uliwonse unkayendetsedwa kasanu pa database yoyeserera. Modelo siyankha mofanana nthawi zonse, ndipo chida chomwe chimasankhidwa bwino katatu pa kasanu ndi chida chomwe chidzabweza lole ina. Ganizoli ndinalitenga ku τ-bench, mayeso omwe kampani ya Sierra inatulutsa mu 2024, omwe amafunsa ngati ejenti akhoza maulendo onse, osati kamodzi mwamwayi. Pa ulendo uliwonse ndinkaona chida chomwe wasankha, zomwe wadzaza, momwe database yasinthira, ndi zomwe wauza wogula. Zonse zinayi zikhale bwino, apo ayi walephera.

Ndinkawerenganso zomwe modelo yalemba poganiza isanasankhe chida. Manambala ankandiuza kuti pali cholakwika, koma m'zolemba izi ndi momwe ndinkaona mawu anga enieni omwe aisokoneza.

Mapasa awiri

Chosokoneza chachikulu chinali pakati pa `get_stock` ndi `check_availability`. Chachiwirichi ndinachilemba mochedwa, titayamba zosungitsa katundu, ndipo ndi chimene chinkachotsera matumba osungitsidwa. Chakalecho ndinachisiyira mayi wa sitoko kuti aziwerengera zomwe zili pansi. Mawu a chilichonse ukawawerenga paokha anali abwino. Ukawaika pamodzi, anali mapasa ovala zofanana. Pa funso limodzi lomwelo ejenti ankatenga ichi maulendo ena, icho maulendo ena, malinga ndi mawu omwe wogula wagwiritsa ntchito: akati "sitoko ilipo?" ankathamangira `get_stock`, akati "ndingapeze?" ankatenga chinacho.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mawu ofotokoza chida sangayesedwe paokha. Amayesedwa ali pakati pa anzake, monga momwe modelo imawaonera. Wochonga wanga uja ankalandira chida chimodzi pa nthawi, n'chifukwa chake mapasawa anawapatsa malikisi apamwamba onse.

Mankhwala anga oyamba anaposa matenda. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ejenti NTHAWI ZONSE aziitana `check_availability` asanayankhe wogula. Anamvera ndithu. Munthu akangoti "mwadzuka bwanji" iye ankayamba waona sitoko. Wofunsa nthawi yotsekera shopu ankadikira kaye kuti matumba a Urea awerengedwe. Modelo za masiku ano zimamvera kwambiri, ukazikalipira zimapitirira muyeso. Ndinachotsa kukalipa kuja n'kulemba chifukwa chake m'chiganizo chimodzi chodekha: chida ichi chimachotsera katundu amene ena asungitsa kale, choncho ndi chokhacho chonena zomwe wogula angatenge lero. Zinasintha, koma kusokoneza sikunatheretu.

Pomaliza ndinasiya kulimbana ndi mawu. Ndinachotsa `get_stock` pa mndandanda wa ejenti wa ogula, n'kupanga chida chimodzi chobweza manambala atatu okhala ndi mayina omveka: omwe ali pansi, osungitsidwa, ndi ogulitsika. Mu Disembala 2024 a Anthropic analemba kuti pokonza ejenti wawo wa SWE-bench, mayeso a kukonza code, anathera nthawi yambiri pa zida kuposa pa prompt, malangizo olembera modelo, ndipo modelo itamasokoneza njira za mafayilo, maadiresi a pomwe fayilo ili pa kompyuta, anangosintha chidacho kuti chizifuna njira yathunthu nthawi zonse. Phunziro lake ndi lomwelo lomwe ndinalipeza ku Limbe: pena mawu amavuta kulemba chifukwa chidacho n'chimene chinapangidwa mokhota.

Chilankhulo cha pa kauntala

Mawu a zida ndinawalemba m'Chingelezi, monganso mayina a katundu mu database. Ogula amalemba Chichewa, kapena chosakaniza. Mlimi sanena kuti NPK 23:10:5, amati wokulitsa. Urea amati wobereketsa. Mbewu ya SC 403 aliyense amaidziwa kuti Kanyani, SC 627 kuti Mkango. Ejenti ankatenga mawu a wogula momwe aliri n'kuwaponya m'chida chofufuzira, chida n'kubweza mndandanda wopanda kanthu, iye n'kuuza munthu mwaulemu kwambiri kuti pepani, Kanyani watha. Pamenepo mapaketi ali mulu kuseri kwa kauntala.

Panali zolakwika ziwiri. Choyamba, chida sichinkadziwa mayina a pakamwa. Ndinaganiza zowalemba onse m'mawu ofotokoza, koma mawu amenewa amatumizidwa kwa modelo pa uthenga uliwonse ndipo token iliyonse, kachidutswa ka mawu komwe modelo imawerenga, ndi ndalama, ndiye mayinawo ndinawaika mu database, pamodzi ndi kalembedwe konse komwe ndinakapeza: feteleza, fetereza, fetelaiza. Chachiwiri chinali chobisika. Mndandanda wopanda kanthu unkatanthauza kuti "dzinali sindinalipeze", koma modelo inkawerenga kuti "katunduyu kulibe". Tsopano chida chimayankha ndi mawu: palibe dzina lofanana ndi ili, izi sizikutanthauza kuti katundu watha, yesani dzina lina kapena funsani wogula. Ndinafika poona kuti zomwe chida chimabweza nazonso ndi mbali ya kafotokozedwe kake, ndipo ndinaziika pa mayeso.

N'chimodzimodzi mauthenga a zolakwika. Nambala ya foni ikalembedwa kuyambira ndi 0 m'malo mwa +265, chida chinkangoti "Error 422". Ejenti ankabwereza zomwezo katatu kenako n'kupepesa. Nditasintha uthengawo kuti uzinena kalembedwe kofunikako, ankadzikonza yekha ulendo wachiwiri, ndipo pambuyo pake ndinangolola code kuti izilandira kalembedwe konse kuwiri.

Malo otchedwa `quantity` anandisowetsa tulo. Wina analemba kuti "mundisungire wobereketsa 100". Matumba 100 a makilogalamu 50, kapena makilogalamu 100, omwe ndi matumba awiri? Mayi wa sitoko anaseka: "Zimatengera ndani walemba. Akakhala wa golosale ndi matumba, akakhala wa munda wa ekala imodzi ndi makilo." Ejenti anasungitsa matumba 100 maulendo ena, awiri maulendo ena. Ndinawonjezera malo achiwiri a muyeso, ololeza mawu atatu okha, thumba, paketi kapena kilogalamu, ndi chiganizo choti wogula akapanda kutchula muyeso afunsidwe. Apa chiganizo chinathandiza, koma chomwe chinatseka khomo ndi kukakamiza malowo mu schema, chifukwa modelo ikafika pa malo oti iyenera kudzaza imazindikira kuti palibe chomwe yauzidwa.

Chida chofafaniza

Uthenga umodzi unati, "Ndasintha maganizo, chotsanipo awiri." Oda yake inali ya matumba 12. Ejenti anayang'ana zida zake, sanapeze chochepetsera oda, anatenga chomwe chinali pafupi: `cancel_order`. Oda yonse inafafanizidwa, matumba 12 anabwerera pa msika, ndipo mu Novembala matumba sagona pansi.

Mawu a chidachi sankanama. Ankangosowa kunena kuti chimafafaniza zonse ndipo sizibwezeka. Ndinalemba zimenezo, ndinapanganso chida chosinthira kuchuluka kwa katundu mu oda. MCP ili ndi zizindikiro zomata pa chida, monga `readOnlyHint` ndi `destructiveHint`, ndipo ndinaziika, koma mawu oti hint a m'mayina awo akunena kale kuti ndi zongokumbutsa, si loko. Loko weniweni ndinamuika mu code: oda yomwe yalipiridwa ngakhale pang'ono siifafanizika mpaka munthu wa pa holoselo atavomereza. Pa zinthu zokhudza ndalama za anthu sindikhulupirira mawu okha, ngakhale atakhoza mayeso kasanu.

Panjira yomweyi ndinawerenga mawu a zida za seva ina ya MCP, pulogalamu yopereka zida kwa ejenti, yomwe ndinangotenga pa GitHub, tsamba logawanirana code, kuti izilemba malipoti a tsiku. Ndinali ndisanawawerengepo, zomwe n'zochititsa manyazi, poti mu Epulo 2025 a Invariant Labs, ofufuza za chitetezo cha AI, anaonetsa kuti munthu akhoza kubisa malangizo oipa m'mawu ofotokoza chida, modelo n'kuwamvera mwini wake asakuona. Simunali choipa, koma ndinaikhomera pa version yomwe ndinawerengayo kuti isasinthe ine ndili mtulo.

Pomwe tafika

Ndinkasintha chinthu chimodzi pa nthawi n'kuyendetsanso mafunso onse 60, chifukwa kukonza mawu a chida chimodzi kunkatha kuphwanya china chomwe sindinachikhudze. Nditawonjezera mawu oti "malipiro" m'kafotokozedwe ka chida choonera oda, ejenti anayamba kuchitenga pomwe pankafunika cholembera malipiro. Ndikanasintha zisanu nthawi imodzi sindikanadziwa cholakwa.

Mafunso 20 obisidwa aja ndinawatsegula pomaliza. Zolakwika za sitoko, za matambala ndi za muyeso sizinaonekenso. Panatuluka china chatsopano: wogula atatchula nthambi ndi dzina la msika woyandikana nayo, ejenti anaona sitoko ya ku Limbe. Ndinakonza, ndipo poti mafunsowo ndawaona tsopano, mayi wa sitoko akusonkhanitsa ena 20 omwe sindiloledwa kuwayang'ana.

Modelo inandithandiza kulemba mawu atsopano nditaipatsa code ndi zolemba za maulendo olephera. Imalemba Chingelezi chosalala kuposa changa. Koma kawiri inawonjezera lonjezo lomwe chida sichichita, ndiye chilichonse chomwe yalemba chimadutsanso pa sikirini ija ya kumanzere ndi kumanja. Mawu a chida chilichonse tsopano amakhala m'fayilo imodzi ndi code yake, ndipo wosintha code sangaitumize mayeso asanayende. Tsiku lomwe tidzasinthe modelo tidzawayendetsanso onse, chifukwa mawu omwe modelo imodzi imawamva bwino ina imatha kuwamva mwina.

Uthenga umodzi ukulepherabe, ndipo ndausiya dala. Ndi wa bambo wina wogula wakalekale, amene analemba kuti, "Mundisungire ngati aja a ulendo watha, koma osati aja anavuta aja." Mayi wa sitoko anadziwa nthawi yomweyo: ulendo wina bamboyu anapatsidwa matumba omwe ananyowa pangodya, feteleza n'kuundana, ndipo ankatanthauza kuti asapatsidwe a mulu wa pafupi ndi khomo. Zimenezi mulibe mu database, ndipo palibe chida chomwe ndingachifotokoze kuti chizipeze. Pa uthenga umenewu yankho lomwe tinalemba kuti n'lolondola ndi lakuti ejenti aupereke kwa mayiwo. Amatero kanayi pa kasanu. Ulendo wachisanu amatsegula oda yakale n'kusungitsa matumba omwewo, ndipo sabata ino ndikuwerenga zolemba zake kuti ndione mawu anga omwe akumulimbitsa mtima chotere.